Maliro Amene Anafufutidwa

1. Dengu

Kwathu ku Aqaba amalitcha dengu la Bayan. Si dengu lolukidwa ndi manja ayi. Ndi pulogalamu ya pakompyuta imene madamu anatiphunzitsa titatsala pang'ono kulemba mayeso a tawjihi, omaliza sekondale.

Ukafika pa tsamba la pa intaneti limene umalikonda, umafufuza kachizindikiro kooneka ngati khungu la lalanje, kolembedwa RSS. Umadina, n'kulembetsa. Kuyambira pamenepo, tsambalo likalemba chatsopano chimabwera chokha m'dengu mwako, ndipo pambali pa dzina la tsambalo pamaoneka nambala yakuda bii yokuuza kuti pali chosawerenga. Suyendanso khomo ndi khomo kufunsa ngati kwagwa nkhani.

Kwa ine zimenezi zinali mpumulo, chifukwa kufunsa kumandivuta. Ngakhale kugolosale ndimalola kubwera ndi sopo wolakwika kusiyana n'kufunsa kawiri.

Anzanga analembetsa masamba a oimba ndi a madiresi. Ine ndinalembetsa tsamba la zotsatira za mayeso, lina la zophikaphika, ndi tsamba la mudzi wa bambo anga, kumpoto kufupi ndi Irbid. Tsamba la mudzilo amalemba aphunzitsi a Radwan, amene anapuma ntchito. Amalembapo maukwati, ana obadwa, tsiku loyamba kufinya maolivi, ndi maliro.

Bambo anga, a Nayef, amagwira ntchito kudoko. Akaweruka amasamba, n'kukhala pansi, n'kufunsa akuyang'ana kwina:

"Dengu lako latola chiyani lero?"

Dzina la mudzi sankalitchula. Koma ndikawerenga za mpira ankayasamula, ndikawerenga za kumudzi ankasiya kutakasa tiyi.

Chifukwa chake n'chakuti agogo aakazi atamwalira, ine ndili wamng'ono, bambo anaimba foni kupempha kuti awadikire. Kuchoka ku Aqaba kukafika kumudzi ndi ulendo wodula dziko lonse. Akulu awo, bambo aakulu a Mifleh, anati kuchedwetsa mtembo n'kulakwira womwalira. Anaika maliro itangotha swala ya masana. Bambo anafika manda atatsekedwa kale. Anakhala masiku atatu opepesa monga mwa mwambo, akulandira anthu pambali pa akulu awo, osayang'anana. Kenako anabwerera ku Aqaba, ndipo chiyambire sanalankhulanenso.

2. Nkhani yopanda kwawo

Linali Lachinayi, kunja kukutentha moti ngakhale amphaka anasiya kuyenda. Ndinayatsa kompyuta kuti ndione ngati zotsatira za mayeso zatuluka. Zinali zisanatuluke. Koma pambali pa tsamba la mudzi panali nambala yakuda.

Ndinatsegula. Panalembedwa kuti: "Mwa chifuniro cha Mulungu, atisiya m'mawa uno a Mifleh, bambo a Hamzeh, mkulu wawo wa a Nayef a ku Aqaba. Nthawi yoika maliro tilengeza. Mulungu awachitire chifundo."

Ndinakumbuka zimene madamu ankabwereza m'kalasi: "Atsikana, dengu limangotola, silifunsa. Mukaona nkhani yaikulu, dinani mutu wake mukaione kwa mwini wake."

Ndinadina. Tsamba linatseguka, koma linati nkhani imeneyi kulibe. Ndinapita koyambirira kwa tsambalo. Pamwamba penipeni panali zithunzi za ukwati wa sabata yatha. Za maliro panalibe ngakhale mzere umodzi.

"Achimwene," ndinaitana.

Qusai, mchimwene wanga wamkulu, anali chigonere pamkeka pansi pa fani. Amagwira ntchito pahotela ina kugombe, ndipo tsikulo anali wopuma.

"Kambewa kalankhula!" anatero osadzuka. "Wakhoza kapena tikagule mipango yopukutira misozi?"

"Tabwerani muone."

Atawerenga, nthabwala zinamuthera. Anadina yekha, n'kudinanso.

"Anailemba, kenako anaifufuta," anatero. "Dengu lako linadutsa pa nthawi imene inalipo, n'kutola. Zimene latola silibweza."

"Ndiye amwalira kapena ayi?"

"Ndine mngelo ine kuti ndidziwe? Nambala ya aphunzitsi ili m'munsimo. Imba."

"Imbani ndinu."

"Dengu ndi lako, chemwali. Komanso nkhalamba ija ikangomva mawu anga iyamba kundifunsa chifukwa chimene sindinakwatire."

Anandiponyera foni yake pamiyendo.

3. Mawu a aphunzitsi

Sindinalankhulepo pafoni ndi bambo wachilendo. Nditamva "Halo", ndinapereka moni motsitsa mawu.

"Mtendere ukhale nanu, aphunzitsi. Ndine Bayan, mwana wa a Nayef."

"Nayef uti? Kweza mawu, mwana wanga, makutu anga anapuma ntchito limodzi ndi ine."

"A ku Aqaba."

Kenako ndinawauza zimene ndinaona. Anapumira m'mwamba.

"Mwana wanga, ndalakwa ine munthu wa imvi. M'mawa ndikugula buledi, munthu wina anandigwira mkono n'kunena kuti Mifleh wapita. Iye anamva kwa mkazi wake, mkazi wake anamva kulira kuseri kwa mpanda. Kulirako kunali kwa mlongo wake wa Mifleh amene anangofika kuchokera kuchipatala. Ine osafunsa banja, osaimba foni, ndinathamangira kukompyuta ngati kamnyamata. Ndinafuna kuti mudzi umve kwa ine poyamba. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuuza ana kuti asalembe yankho asanawerenge funso, lero taonani. Hamzeh anandiimbira mawu akunjenjemera, akuti, 'Aphunzitsi, mwawaika m'manda bambo anga akupuma?' Ndinafufuta nthawi yomweyo. Ndimati palibe waona."

"Dengu langa linaona."

"Dengu?"

Ndinawafotokozera mmene limagwirira ntchito. Aka kanali koyamba kuti ndiphunzitse mphunzitsi, ndipo ndinachita chibwibwi.

"Ndiye ukundiuza kuti chimene ndafufuta kuno chikadali moyo ku Aqaba?" anatero. "Mulungu atithandize. Kale ukanama pabwalo, unkabwerera pabwalo lomwelo kukakonza. Tsopano bodza likukwera basi osakutsanzika. Tamvera, mwana wanga, umve bwinobwino kuti usawonjezere kapena kuchotsa. Bambo ako aakulu ali moyo. Ali m'chipatala ku Irbid, mtima wafooka. Amatsegula maso, anthu akuwazindikira. Koma madokotala auza banja kuti liitane abale. Za mawa sindikudziwa, ndipo lero ndaphunzira kusanena zimene sindikudziwa."

"Nanga bambo anga awaitana?"

Anatsokomola.

"Hamzeh anatengera bambo ake, ndipo bambo akewo ndi bambo ako anayamwa bere limodzi. Onse mitu ngati miyala ya chigayo. Undiperekere moni kwa Nayef. Umuuze kuti Radwan wapepesa."

4. Nzeru ya Qusai

Qusai anamva zonse. Anayenda kukafika pawindo, n'kubwerera maso akuwala.

"Kambewa, Mulungu watipatsa mwayi. Bambo ukuwadziwa. Kwa wamoyo sangapite, ati sanaitanidwe. Koma kumaliro apita ngakhale wapansi, chifukwa sangalole kuti mudzi unene kuti Nayef sanaime pamzere wolandira opepesa. Ndiye iwe ungowaonetsa zimene zili m'dengumo. Usanene kanthu. Awerenge okha. Tikwera galimoto, tikafika, akawapeza akulu awo ali maso. Akakumbatirana, akalira, nkhani yatha. Adzatithokoza."

"Koma ndi bodza."

"Bodza lake liti? Walemba ndiwe? Iwe ntchito yako ndi kukhala chete, ndipo pa ntchito imeneyo palibe amakuposa m'dziko muno."

Kunena zoona, nzeruyo inandikomera. Inali yosafuna kuti nditsegule pakamwa.

"Bwerezanso, Qusai, ndimve bwino."

Anali amayi. Anaima pakhomo la khitchini, mpeni kudzanja limodzi, biringanya kudzanja lina. Sitinadziwe kuti anayamba liti kumvetsera. Anakhala pampando, n'kuika biringanyayo pamiyendo.

"Inu ana, palibe munthu m'nyumba muno amene amafuna kuti abale awiriwa agwirizane kuposa ine. Ndine amene ndimawamva bambo anu akutembenuka pabedi ikayandikira Idi. Koma uthenga wa maliro si chingwe chokokera munthu. Ine ndili mtsikana, bambo anga ankayendetsa malole opita ku Kuwait. Tsiku lina munthu anabwera kudzanena kuti lole yawo yapsa, iwo ali momwemo. Amayi anga anagwa pakhomo. Anthu anasonkhana, khofi wowawa wa pamaliro anaphikidwa. Madzulo ake bambo anatulukira ali bwinobwino, atanyamula thumba la tende, zipatso za kanjedza. Mukuganiza kuti tinavina? Amayi anawayang'ana ngati mlendo. Kuyambira tsiku limenelo dzanja lawo lamanzere linkanjenjemera mpaka kumwalira kwawo. Munthu ukamuuza kuti m'bale wake wafa, mkati mwake chinachake chimafa nthawi yomweyo, ndipo ukabwera kudzati ndimacheza sichidzukanso.

"Bambo anu ali ndi matenda othamanga magazi. Mukufuna ayende msewu wonse wa m'chipululu uja akudziuza kuti achedwanso kachiwiri? Ndipo akakafika, akakapeza kuti ana awo anawasewera ngati mwana, pamaso pa Hamzeh ndi mudzi wonse, mukuganiza kuti akalowa m'chipindamo? Akatembenuka pakhomo pomwepo.

"Iwe Bayan, tandiyang'ana. Bambo ako anasiya kukhulupirira aliyense wa kumudzi. Anatsala ndi khomo limodzi lomvera za kwawo, ndipo khomolo ndiwe. Amakufunsa iwe chifukwa sunawonjezerepo mchere pa nkhani. Ukawanamiza lero, ngakhale ndi pakamwa potseka, mawa adzafunsa ndani?"

"Ndiye akakana kupita?" anatero Qusai. "Bambo aakulu akamwalira mawa? Mudzati chilungamo chatithandiza?"

"Akhoza kukana," amayi anatero. "Zimenezo sindingakutsutse."

Anaimirira, n'kutola biringanya yawo.

"Nkhaniyi yabwera m'dengu la Bayan. Anena ndi iyeyo. Ine ndikukaphika mpunga."

5. Pa chakudya

Bambo anafika malaya atanyowa ndi thukuta. Anasamba, anaswali, n'kukhala pamkeka. Amayi anatembenuzira mphika wa makluba, mpunga wophikira pamodzi ndi biringanya, pambale yaikulu, mpunga n'kuima bwinobwino osagumuka. Tsiku lina bambo akanaombera m'manja. Tsikuli anangotiyang'ana mmodzimmodzi.

"Bwanji nkhope zonsezi ngati mwameza ndimu? Bayan, walephera?"

"Sizinatuluke, bambo."

"Nanga dengu lako latola chiyani lero?"

Qusai anandiponda chala. Kompyuta inali poteropo, yoyaka, nkhani ija ili pagalasi. Ndikanangoloza.

"Bambo, ndili ndi zinthu ziwiri. Ndikupempha kuti mumve zonse, musanene kanthu ndisanamalize."

Sindinayambe ndawalankhulapo chotero. Anaika supuni pansi.

"Choyamba, bambo aakulu a Mifleh ali moyo. Chachiwiri, m'mawa aphunzitsi a Radwan analemba molakwitsa kuti amwalira, kenako anafufuta. Ndawaimbira ndekha. Akuti akupepesa. Akuti bambo aakulu ali m'chipatala ku Irbid, mtima wafooka, anthu akuwazindikira, koma madokotala anena kuti abale aitanidwe."

"Wawaimbira wekha? Iwe?"

"Inde."

Anayang'ana mbale nthawi yaitali.

"Hamzeh waimba?" anatero akuyang'ana amayi.

"Sanaimbe, bambo a Qusai."

"Ndiye kuti abale aitanidwa kale. Amene sanaitanidwe si m'bale." Anatola supuni. "Ali moyo. Tithokoze Mulungu. Idyani, chakudya chikuzizira."

Qusai anandiyang'ana ndi diso loti, waona? Anadya pang'ono, n'kunyamuka kupita pakhonde. Ndinanena zoona, ndipo zoonazo zinatisiya pamkeka pomwepo.

Bambo anadya mpaka kumaliza, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akugwira ntchito imene wapatsidwa. Anasamba m'manja. Amayi anabweretsa tiyi. Bambo sanamugwire.

6. Werenganso

Ndikuchotsa mbale, bambo anandiitana.

"Bayan. Zimene anafufutazo, wati zikadalimo m'dengu mwako?"

"Zilimo, bambo."

"Tandiwerengera."

"Koma si zoona."

"Ndamva kuti si zoona. Werenga."

Ndinakhala pakompyuta. Iwo anaima kumbuyo kwanga, dzanja lili pampando. Ndinawerenga ndi mawu anga aang'onowa: "Mwa chifuniro cha Mulungu, atisiya m'mawa uno a Mifleh, bambo a Hamzeh, mkulu wawo wa a Nayef a ku Aqaba."

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Ndiye mmene zidzamvekere," anatero, osati kwa ine. "Mizere itatu. Ine n'kuvala jekete, n'kukaima pamzere, anthu n'kumandigwira dzanja." Anachotsa dzanja pampando. "Munthu ameneyu anandiphunzitsa kukwera bulu. Anandigwetsa dala mu minga, kenako anandinyamula kumsana mpaka kunyumba, akundiopseza kuti ndikanena andigwetsanso."

Amayi anali pakhomo la khitchini. Qusai anali atabwerera kuchokera pakhonde.

"Iwe ukanakhala wochenjera ngati mchimwene wakoyu," bambo anatero, "ukanangondionetsa izi n'kutseka pakamwa."

Qusai anayang'ana kudenga.

"Ndikanapita," anapitiriza. "Koma ndikanapita kwa mtembo. Wandipatsa ntchito yovuta, mwana iwe. Kwa mtembo sufunika kukonza mawu."

Anatembenuka.

"Qusai, galimoto ili ndi mafuta?"

"Ndithira panjira, bambo."

"Uyendetsa ndiwe. Mayi a Qusai, mankhwala anga aja. Jekete lakuda musaliike, ikani lotuwa lija. Bayan, tenga mpango wako, ukupita nawo."

"Ine?"

"Akandibweza pakhomo ndikufuna pakhale munthu wodzanena zimene zinachitikadi."

Nyumba inadzaza ndi phokoso. Amayi ankalongedza buledi ndi mabotolo a madzi, Qusai ankafunafuna makiyi amene anali m'thumba mwake. Ine ndinabwerera kukompyuta kuti ndizimitse.

Ndisanagwire batani, dengu linaphethira. Pambali pa tsamba la mudzi panatuluka nambala yakuda. Aphunzitsi a Radwan anali atalemba chinthu chatsopano.

Chikanatha kukhala chipepeso chawo. Chikanatha kukhala ukwati, kapena mwana wobadwa. Sindinadine. Nditacheuka, bambo anali pakhomo, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, maso ali pagalasi. Nambala imeneyo ankaidziwa tanthauzo lake.

"Nditsegule, bambo?"

Qusai analiza hutala panja. Bambo anawerama, n'kuvala nsapato inayo, n'kumanga zingwe mosafulumira.

"Ayi," anatero. "Zimitsa. Tikamva kwa mwini wake."

Ndinazimitsa, n'kuwatsatira pamasitepe.